Suti Yakuda ya Amuna Anga

Kutchalitchi kwathu ku Kitwe kunali mayi wina wamasiye, telala. Mwamuna akamenya mkazi wake, mayiyu ankapita kukamuyeza suti yaulere. Amuna atatu anaikidwa m'manda atavala masuti amenewo, ndipo achipatala ankangoti ndi BP.

Amuna anga atandigulula dzino ndi chibakera, mayi uja anafika kwathu ku Nkana West Lamulungu masana, tepi ili m'khosi.

"Imani bwino, bambo," anatero. "Ine sindiyeza kawiri."

Amuna anga anaima chilili, thukuta lili kamukamu. Suti inabwera Lachisanu, yakuda, yowakwana ndendende.

Amuna anga akadali moyo mpaka lero, ndipo amatsuka okha mbale. Sutiyo ndimaisita Loweruka lililonse pabalaza, iwo akuonera mpira.