Makapu Awiri a Mayi Dailesi

Malizani, mlamu wanga amene tinkakhala naye, ankajambula zithunzi ku Kawale: maukwati, zinkhoswe, ana obatizidwa. Pa filimu iliyonse ankasungako malo awiri omaliza. Amenewo anali akeake, ojambulira anthu amene sanadzikonze ndipo sakudziwa n'komwe kuti akujambulidwa.

Mu 2003 anajambula Mayi Dailesi, mayi wamasiye wa kuseri kwathu, atakhala okha pakhonde ndi makapu awiri a tiyi. Kapu yachiwiriyo ankathirira amuna awo, amene anali atamwalira kalekale. Chithunzicho Malizani anachipachika m'chipinda mwake.

Mayiwo atayamba kudwala, ana awo, amene chaka chinkatha osapondapo pakhomo, anatulukira kuchokera ku Area 25 atalusa. Wina anali atawanong'oneza za chithunzicho.

"Munthu wabwino angajambule nkhalamba mobisa? Ndi zausatana izi!" anakuwa mwana wamkulu, n'kuphwanyira kamera pamwala.

Malizani sanajambulenso. Anayamba kukonza maambulera mumsika wa Mchesi, ndipo omudziwa ankamulambalala.

Mayi Dailesi atamwalira, ana aja anasakasaka chithunzi choika pabokosi, koma m'nyumba monse munalibe ngakhale chimodzi. Wamkulu yemwe uja anabwera kwathu, chipewa chili m'manja. "Abambo, tithandizeni."

Ndikanakhala ine ndikanamukhuthulira madzi otsukira mbale. Malizani anangochotsa chithunzi chija pakhoma n'kumupatsa.

Pamaliro anthu anayamikira kuti chithunzi chinatuluka bwino. Palibe amene anafunsa chifukwa chimene mayi wobereka ana asanu ankamwera tiyi ndi munthu wakufa.