Kope la Milandu ya NyaMbewe

Ndinazenga mlandu munthu wodwala, ndipo umboni wa kulakwa kwangako ndikuusunga ndekha. Ndinali kalaliki ku nkhalango ya Chikangawa mpaka kupuma ntchito, ndiye pepala sinditaya. Mtchatho wa ukwati wathu ulipo, makadi a sikelo a ana onse alipo.

Akazi anga anali a ku Dedza, a Nambewe, koma kwathu kuno kufupi ndi Embangweni anawatcha NyaMbewe. Chitumbuka anachidziwa chomene, mpaka ankalalikira nacho pamisonkhano ya amayi.

Zaka zinayi zapitazo anayamba zachilendo. Mchere mu tiyi. Funso limodzi kufunsa kasanu. Ndinagula kope n'kumalemba chilichonse, tsiku ndi ola lake, kuti ankhoswe akadzabwera asadzati ndikunama.

Kenako Chitumbuka chinayamba kuwathawa. Ndikaitana kuti NyaMbewe, kuli zii. Abale anga akapereka moni, iwo ankayankha m'Chichewa cha kwawo. Alongo anga anati ndi vimbuza, poti mizimu ndiyo imasintha munthu chilankhulo. Ine, mkulu wa mpingo, za ng'oma ndinakana. Ndinati ndi mwano basi. Patsamba 31 ndinalemba ndi dzanja langali kuti anyoza mtundu wanga. Mpaka lero ndimapsa mtima: mudzi wonse, aphunzitsi momwemo, panalibe ndi mmodzi yemwe wotchula chipatala!

Masana alionse ankamanga kamtolo ka zitenje, ati akupita kwa amayi awo, amene tinaika m'manda kalekale. Tsiku lina ndinatopa. Ndinawatsegulira chitseko n'kunena kuti, "Lutani! Pitani kwanuko!" Ine n'kubwerera pampando kukalemba mlandu watsopanowo.

Anapezeka m'dambo patapita masiku awiri, mvula itawathera pathupi, chibayo chitalowa kale. Kuchipatala ndinapereka kope lija kwa dokotala kuti aone zimene ndapirira. Anawerenga mpaka kumapeto, n'kundiyang'ana.

"Adada, apa simunalembe mwano. Mwalemba matenda a ubongo oiwalitsa. Zimene munthu anaphunzira atakula zimayamba kufufutika, za paubwana n'kutsala. Mankhwala ochiziratu palibe, koma mukanabwera nalo kopeli lili patsamba loyamba, tikanakuuzani kuti wotereyu sasiyidwa kuyenda yekha."

Ndinakhala pambali pa bedi masiku asanu. Tsiku lomaliza ndinawaitana kuti a Nambewe, ndipo anatembenuka. Anandigwira dzanja mwaulemu n'kunena kuti, "Zikomo bambo. Amuna anga akabwera kudzandifuna, muwauze kuti ndili muno."

Inu owerenga, wokalamba wanu akayamba kuiwala, kusochera, kapena kubwerera ku chilankhulo cha paubwana, musathamangire kunena kuti ndi mwano, ufiti kapena mizimu. Pitani naye kuchipatala, muyankhuleni m'chilankhulo chimene chamutsalira, ndipo akati akupita kwawo, nyamukani muyende naye. Kalata ya imfa ya akazi anga ndinaiika m'kati mwa kope lomwelo, patsamba 31.