Pemphero Limene Linatitumiza ku Sandwe

Mu mpingo wathu ku Kalindawalo nkhani zikuluzikulu sitinkakambirana, tinkazipempherera. Kumva kwake n'kokoma, koma zinkayenda motere: mkulu wa mpingo ankaimirira, ife n'kutsinzina, iye n'kuyamba kumuuza Mulungu zimene Mulunguyo waganiza. Tikangoti Amen, nkhani yatha. Wotsutsa pambuyo pake ankati akulimbana ndi Mzimu.

Mkulu ameneyu analinso tcheyamani wa chipani m'dera lathu, zaka zija chipani chinali chimodzi chokha. Ndinkanyansidwa naye, ndipo mpaka lero sindinasinthe. Amuna anga anali mlaliki, munthu wofatsa mopitirira muyeso, wokhulupirira kuti aliyense wotsinzina ndiye kuti akulankhula ndi kumwamba. Mlandu wawo unali umodzi: anakana kuti anyamata a chipani aziima pakhomo la tchalitchi kufunsa anthu makhadi.

Pasanapite nthawi kunabwera nkhani yoti kukufunika mlaliki ku Sandwe, cha kuchigwa, kumene msewu umafa mvula ikangoyamba. Ine ndinali ndi pakati. Mimba yoyamba inali itandivuta, ndipo anamwino a ku Petauke anandichenjeza kuti ulendo uno ndisatalikire chipatala. Mkuluyo ankadziwa bwino lomwe, poti mkazi wake ndiye anandiperekeza tsiku limenelo.

"Tiyeni tifunse Ambuye," anatero mkuluyo m'tchalitchi Lamulungu lina. Sanafunse kanthu. Anakhosomola n'kuyamba: "Atate, tikuyamikani kuti mwasankha kale kapolo wanu, mlaliki wathu uyu, kuti anyamuke. Amai a kunyumba kwake muwapatse mtima wosadandaula."

Ine sindinatsinzine. Ndinamuona akusuzumira ndi diso limodzi ngati nkhuku yoona kabawi, kuti aone ngati amuna anga aweramadi. Tchalitchi chonse chinati Amen, ngakhale azimayi amene tinkasinja nawo limodzi, odziwa za mimba yanga. Amen wa amuna anga ndiye anamveka kuposa onse.

Kunyumba ndinawafunsa: "Bambo, Mulungu anayamba liti kukamba ndi pakamwa pa tcheyamani?"

"Amai, tavomela pamaso pa Mulungu. Amen ningamubweze bwanji?"

Tinapita. Matenda anandiyamba mvula ili pakati, mitsinje itasefukira. Anthu a ku Sandwe sanataye nthawi ndi mapemphero aatali, anangodula mitengo n'kundinyamula pa machira. Chipatala sitinafikeko. Mwana anabadwira panjira, ndipo sanalire. Azimayi anamuika pomwepo mwakachetechete, monga mwa mwambo.

Mvula itatha, mkulu uja anatulukira pa galimoto ya chipani, akuti kudzatipepesa. Msewu womwewo kwa iye unali wabwinobwino. Anadya nkhuku yathu, n'kunyambita zala, kenako anavula chipewa kuti atipempherere.

"Atate," anayamba ndi mawu ake onenepa aja, "tidziwa kuti zonsezi munakonza ndinu. Cifunilo canu cacitika."

Anamaliza n'kudikira Amen. Kenako anabwereza mawu omalizawo mokweza, kuganiza kuti mwina sitinamve. Ndinacheuka kuyang'ana amuna anga, poti ndinkawadziwa kufatsa kwawo. Ndinapeza maso awo ali tong'o, akumuyang'ana mkuluyo pamphumi.

"Simunatsilize, bambo," anatero motsitsa mawu. "Tsinzinaninso, muwauze Ambuye amene anatituma kuno. Ise tiyembekeza."