Tsache la Roscoe

Mumsewu wathu ku Denver, Mayi Verlene Pettiway amadziwika ndi zinthu ziwiri: nkhuku yokazinga, ndi kusakhulupirira aliyense wokhala ndi wailesi paphewa ngati wapolisi. Malonda awo anayambira patebulo limodzi, pafupi ndi pometera tsitsi pa mchimwene wawo Roscoe. Chaka china mwana wa mnansi wawo anasokonezeka mutu, mayi ake n'kuitana apolisi kuti athandize. Mwanayo anatuluka m'nyumba pamachira, osadzukanso. Kuyambira pamenepo Verlene ankaiona nambala ya foni yoimbira pangozi ngati msampha.

Koma Loweruka lina masana Roscoe, amene sankagona bwino chimwalirireni mkazi wake, anathamangitsa makasitomala onse. Anaima pambali pa mpando wopanda munthu, sizasi ikudula mphepo, akukalipira anthu osaoneka.

Verlene anali atamva kuti masiku ano kumabwera anamwino a matenda a maganizo m'malo mwa apolisi, bola wodwalayo asakhale ndi chida. Anaimba foni. Atafunsidwa za chida, anayankha msanga kuti, "Alibe."

Kunafika galimoto yoyera, n'kutsika mtsikana wonyamula botolo la madzi. Mnzake anatsalira pakhomo.

"Ndine Marisol, amayi, namwino."

Verlene anamuyang'ana m'chiuno, kenako mu akakolo. Mfuti panalibe, koma wailesi inali paphewa.

"Anzako a mayunifolomu wawabisa pakona iti, mwanawe?"

"Tabwera awiri basi."

"Nanga chakukhala paphewacho n'chomverapo mpira?"

Marisol anasuzumira pawindo la pometera paja, n'kuona sizasi ija. Kenako anatembenukira Verlene. Verlene anadziwa kuti bodza laululika, tsopano aitana apolisi. Maso awo sanachoke padzanja la mtsikanayo. Dzanjalo linakwera, n'kungokonza tsitsi kukhutu.

"Akayandikira munthu nayo, ndiitana apolisi, sindikubisirani," anatero Marisol. "Koma tandiuzani, akamaliza kumeta munthu amachita chiyani?"

"Ukufuna kundikola ndi mafunso?"

"Ndikufuna aiike pansi yekha."

Verlene anazengereza. "Amasesa. Salola tsitsi kugona pansi. Ngakhale tsiku la ukwati wake anasesa."

Marisol analowa, n'kutenga tsache kuseri kwa chitseko, n'kuima patali.

"Bambo Roscoe, kasitomala wanu wapita. Taonani pansipa."

Roscoe anawerama. Tsitsi la anthu amene anawathamangitsa lija linali mbwee! Anapukusa mutu, n'kuponya sizasi m'botolo la mankhwala, n'kulandira tsache. Akusesa anayamba kulira, ndipo Marisol anakhala naye pabenchi mpaka anavomera kukaonana ndi dokotala.

Verlene sanathokoze msanga. Anayamba apita pakona, kusuzumira uku ndi uku. Kunali wogulitsa ayisikilimu yekha.

"Amadziwa kubisala amenewo," anatero pobwerera. Kenako anakulunga ntchafu ziwiri za nkhuku, n'kumupatsa Marisol. Anatseka tebulo lawo dzuwa likadali pamutu, nakwera galimoto ija pambali pa mchimwene wawo, maso ali pawailesi njira yonse.