Madzi atuluka pakhomo pathu ku Zengeza 4

Mwaswera bwanji nonse. Abale, madzi atuluka!

Okumba mjigo aja afika m'mawa uno, aboola kuseri kwa nyumba pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Cha m'ma 2 koloko madzi amatope angoti phwaa, mpaka pamalata. Bambo alowa momwemo ndi shati yawo yoyera ya kutchalitchi, akuseka ngati mwana. Amayi misozi, akuti zokhala pamzere ku mjigo wa kumashopu zatha.

Koma imvani izi. Madzi atayamba kuyera, anthu adzaza pageti ndi zigubu. Woyamba pamzere ndani? Mai Tendai, omwe aja anakankha ndowa ya amayi chaka chatha, amvekere ife mabhurandaya, ana a ku Malawi okhala m'dziko lawo lino, tizitunga pomaliza. Lero aima mwaulemu, akuti, "Muli bwanji, amayi?" M'Chichewa, abale! Kani amachidziwa zaka zonsezi?

Ine ndathamangira kukatseka geti. Amayi andigwira mkono, atenga chigubu cha Mai Tendai n'kuchidzaza okha.

Ndiye achimwene, inunso atsibweni, tiuzeni: getili tizitseka kapena ayi? Ine mtima ukuwirabe, koma makiyi ali m'thumba mwa amayi.