A Mfuko ndi Puloti ya Kumunsi kwa Msika

Dzina loti Mfuko anawapatsa ndi akazi awo, chifukwa chaka choyamba cha ukwati ankangowaona mutu wokha ukusuzumira m'dzenje. Atakumba zitsime ndi maziko a nyumba zaka makumi atatu, tauni yawo ankaidziwa kunsi kuposa kumtunda. M'misewu ankasochera, koma ukawafunsa za pansi pa sitolo ya nsapato ya kumtunda kwa msika, ankayankha osaphethira: dothi lofiira mpaka m'chiuno, kenaka nsangalabwi, kenaka thanthwe lobweza pikisi.

Tsiku lina mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo yemwe ndi telala, anawaitana kukaona puloti yake kumunsi kwa msika, komwe ankafuna kumanga nyumba yosanja. A Mfuko anakumba mpaka m'khosi. Munatuluka mchenga wonyowa, matope akuda, ndi chigubu chakalekale. Anamuuza kuti pamenepo panali dambo, anthu anangolikwirira, ndipo chivomezi chikabwera, malo otere ndi amene amavina kwambiri.

Mlamuyo anaseka, nati matope awalowa m'mutu. Iwo sanakangane naye. Anabwereka beseni lochapira, nadzazamo mchenga wa m'dzenje muja, naika njerwa pamwamba, n'kuyamba kumenya m'mbali ndi chikhatho. Madzi anatumphukira pamwamba, njerwa ija n'kupendekeka, n'kumamira pang'onopang'ono.

"Nyumba yako ndi imeneyo, mlamu, makina osokera ali m'kati momwemo."

Mlamu anang'ung'udza sabata yathunthu, komabe anakafunsa kwa injiniya, yemwe ananena zomwezo m'mawu ataliatali. Mapeto ake anamanga yosasanja, pamaziko otakata a konkire ndi zitsulo.

Chivomezi chinabwera patatha zaka zinayi, masana, anthu akuyanika zovala. Kumtunda, kuthanthwe kuja, mbale zinangogwedera m'kabati. Kumunsi makoma ambiri anang'aluka, mpanda wa oyandikana ndi mlamu unagona chagada, koma mwamwayi palibe anavulala. Kwa mlamu kunangogwa kalendala.

Mwezi wotsatira injiniya uja anabwera ndi anzake awiri, akufuna kujambula mapu a pansi pa tauni. Anawakweza a Mfuko kutsogolo kwa galimoto, atatchena jekete la kutchalitchi, ndipo pamphambano iliyonse iwo ankaimitsa dalaivala kuti afotokoze za dzenje lomwe anakumbapo kale. Ulendo wa maola awiri unatha masiku atatu. Akazi awo akuti chibwerereni kumeneko, tiyi akumafuna m'kapu ya alendo.