Maso a Azakhali Anga a ku Saluni

Inu amene mukuti zanu zatha, khalani pansi ndikuuzeni za azakhali anga oluka tsitsi. Ine nkhani sindisunga, aliyense amadziwa, koma iyi andiloleza okha.

Panali nthawi imene ankangodzitsekera kuchipinda, saluni yawo ili pa loko. Diso lamanja linali litayera ngati mkaka, lamanzere linkangoona chifunga.

Chinachitika n'choti ankapaka kasitomala mankhwala owongolera tsitsi, ndiye anawagwera m'maso. M'malo mothamangira kumpopi, anayamba atsuka kaye mutu wa kasitomalayo kuopa kuti angapse. Mutu wa mayiyo unapulumuka, anapsa ndi maso awo. Mayiyotu sanabwere n'komwe kudzazonda. Dzina sinditchula, koma amavala wigi yofiira.

Dokotala wa maso anati, "Mayi, kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera ngati galasi la wotchi. Kanu kapsa, kasiya chipsera. Magalasi sangathandize. Tiikepo kena, kamene munthu anavomera kupereka asanamwalire."

Pamzere wodikira kachikopako anapezapo anzawo. Bambo wina chilonda cha m'diso chinamusiyira chipsera, mtsikana wina kachikopa kake kanasongoka ngati nsonga ya dzira, agogo ena kawo kanatupa. Onse ankadikira.

Kudikirako kunatalika, mpaka azakhali anatopa n'kulira. Anatulutsa mpando pakhonde n'kuyamba kuluka mongopapasa ndi zala. Mutu woyamba unali wanga, ndipo kusukulu anandiseka mpaka aphunzitsi omwe. Koma iwo sanasiye. Pang'onopang'ono zala zinaphunzira, makasitomala n'kumabwerera.

Atawaitana ku opaleshoni ya diso lamanja, mayi woyandikana nafe anati, "Za munthu wakufa m'diso? Muzidzaona mizukwa."

"Ikabwera ndidzailuka nayonso," anatero azakhali, akunyamula chikwama.

Kuchira sikunali kwa lero ndi mawa. Ulusi m'diso, mankhwala odontheza miyezi ndi miyezi, kutikita ayi ngakhale liyabwe bwanji. Ndiye tsiku lina m'mawa ndikudutsa pakhonde, ndinangomva, "Iwe, mzere wa tsitsi lakowo wakhota. Bwera kuno." Sanandigwire mutu, anachita kuona ali pampando. Sindinakondwepo chonchi munthu akundinyoza.

Pano saluni ndi yotsegula, ndipo pambali pa mpando uliwonse pali botolo la madzi. Atsikana amene akuwaphunzitsa amawauza kuti, "Maso kaye, kasitomala pambuyo." Amenewo ndiye azakhali anga.

Ndiye inu, kaya chifunga chanu n'chotani, musadzitsekere kuchipinda. Tulutsani mpando pakhonde, muyambe ndi zimene zala zanu zingathe. Mtimawo musautaye.